Za Pansi Tikamba Pansi

Panali munthu wina dzina lake Fanuwelo Mkwapatira, woyendetsa ndege, ndipo munthuyo analakwira mlamu wake.

Mlamu wakeyo anali Yotamu Malikebu. Iye sankayendetsa ndege. Ankagwira ntchito m'nsanja ya pabwalo la ndege, kanyumba ka magalasi okhaokha kamene kamakhala pamwamba, momwe munthu amaona bwalo lonse ndi thambo lomwe. Ntchito yake inali yolankhula ndi oyendetsa ndege pa wailesi: uyu atere, uyu adikire, uyu akhotere uku. Ndege siitera pamene yafunira ayi. Imayamba yapempha, ndipo wololeza ndi munthu wa m'nsanja.

Kulakwa kwake kunali kotere. Fanuwelo anakwatira Lonesi, mlongo wake wa Yotamu, wopondana naye pamutu. Lonesi anadwala matenda a mgonagona. Tsiku lina Fanuwelo anabwera naye pa galimoto, namutsitsa pakhomo pa Yotamu ndi chikwama chimodzi. Anati akhale kuno sabata imodzi yokha, poti iye anali ndi maulendo ambiri ndipo kunyumba kunalibe womuyang'anira. Sabata imeneyo inatalika. Mvula inagwa, anthu anapalira, anakolola, sabata osatha. M'tauni anayamba kumuona Fanuwelo ndi mkazi wina. Lonesi akamva galimoto ikudutsa pamsewu ankadzutsa mutu pamtsamiro, ikapitirira n'kuugonekanso. Amene ankamusambitsa ndi kumutembenuza anali mkazi wa Yotamu. Lonesi anamwalirira m'nyumba momwemo.

Pamaliro panadzaza. Anabwera oyandikana nawo, a mpingo, wogulitsa makala wa pakona, ngakhale bambo wina amene Yotamu anakangana naye za malire a mpanda. Aliyense anawerama pang'ono, namugwira dzanja Yotamu, nanena mawu amodzi aja timanena tonsefe: pepani. Fanuwelo anatumiza nkhata ya maluwa ndi dalaivala. Inali nkhata yaikulu kuposa zonse. Uthenga wake unali wakuti bwana ali mumlengalenga.

Yotamu sanafune zambiri. Sanaitanitse ankhoswe, sanapite kukhoti, sanamutukwane pagulu. Ankangofuna mawu amenewo basi. Pepani ndi mawu a aliyense. Mwana akakuponda phazi amanena. Mlendo wongodutsa pamaliro amanena. Koma munthu wa masukulu ake, wodziwa Chingerezi cha m'mitambo, zinamukanika.

Tsono onani m'mene zinthu zimakhalira. Awiriwa sanasiye kulankhulana, chifukwa sizikanatheka. Ndege ya Fanuwelo inkatera pabwalo lomwelo, ndipo kawirikawiri mawu oilandira anali a Yotamu. Pantchito imeneyi pali lamulo lakuti wa m'nsanja akanena mawu, woyendetsa ndege awabwereze onse, kuti zidziwike kuti wamvadi. Yotamu akati tsikani, Fanuwelo ankati ndikutsika. Akati dikirani, ankati ndikudikira. Zonse m'Chingerezi, zonse zoduliratu, popanda kutchula dzina la munthu, poti pa wailesi amaitana nambala ya ndege. Akakumana pakhonde la maofesi, wina ankayang'ana wotchi, wina nsapato zake.

Mkazi wa Yotamu ankamuseka nazo. Ankati m'dera lawo lonse munalibe banja lomverana ngati Yotamu ndi mlamu wake.

"Inu mukanena, iwo abwereza. Nanga ine ndikanena mumabwereza liti, bambo? Tsiku lina mudzangoti pepani pa wailesipo, mwina adzabwereza mosazindikira."

Yotamu sankaseka. Koma masiku ena, chala chili pa batani la wailesi, ankaziganizira ndithu.

Ndiye linafika tsiku lina la chilimwe, masana, dzuwa likuswa mtengo, thambo litachita mbuu ndi utsi wa moto wa m'tchire. Ndege ya Fanuwelo inapempha kutera ndipo Yotamu analoleza. Inabwera bwinobwino, koma isanafike pamsewu wake woterapo inadzutsa mphuno n'kukweranso. Mawu a Fanuwelo anamveka pa wailesi, ouma monga mwa masiku onse. Anati mwendo umodzi sukuonetsa kuti watsika, ndipo akupempha malo oti azungulirepo aone bwino.

Ndege ikanyamuka imapinda miyendo ngati mbalame, matayala n'kubisala kunsi kwa mapiko. Potera imaitambasulanso. Woyendetsa saiona miyendoyo. Amangodalira timagetsi titatu tobiriwira kutsogolo kwake, kamodzi pa mwendo uliwonse. Tsikulo tinayaka tiwiri. Ka mwendo wakumanzere kanali zii.

Yotamu anamupatsa mbali ina ya thambo, kumene kunalibe ndege ina, namuuza msinkhu woti akhalepo. Fanuwelo anabwereza. Kenako Yotamu anachotsa chala pa batani n'kukhala chete. Anthu a ntchitoyi amaphunzitsidwa kuti woyendetsa ndege akakhala pamavuto, choyamba aonetsetse kuti ndege ikuulukabe, chachiwiri adziwe kumene akulowera, kulankhula n'komalizira. Wa pansi asamubowe ndi mafunso. Yotamu ankadziwa zimene zinkachitika m'mwambamo: wothandizira wa Fanuwelo akuwerenga mokweza malangizo a vuto lotere, Fanuwelo atagwira chiwongolero, akupinda miyendo n'kuitambasulanso, mwina kagetsi kayaka.

M'nsanjamo munali mnzake wa Yotamu, mayi Nachisale, amene ankayimba mafoni. Nkhani ya Lonesi ankaidziwa. Pabwalo lonse panalibe wosaidziwa. Anasendera pafupi n'kufunsa chapansipansi ngati zingakhale bwino kuti iye akhale pa wailesi.

"A Malikebu, palibe angakunenereni zoipa."

Yotamu anakana. Anati munthu ali pamavuto sumusinthira mawu, amasokonezeka. Anamuuza aitane ozimitsa moto ndi ambulansi, akhale okonzeka.

Fanuwelo atalankhulanso anati kagetsi sikanayake. Apo m'pamene Yotamu anafunsa mafunso awiri amene amafunsidwa nthawi zotere. Loyamba linali la mafuta, kuti angakhale m'mwamba kufikira liti. Lachiwiri linali lakuti muli miyoyo ingati. Safunsa kuti apaulendo angati. Amati miyoyo, kuti awerengedwe onse, wa tikiti ndi khanda la pamiyendo, wopereka tiyi ndi woyendetsa yemwe. Fanuwelo anati makumi atatu ndi inayi. Yotamu anauza Nachisale, Nachisale anauza ozimitsa moto, kuti zikavuta adziwe kuti akufunafuna anthu angati mu utsi. M'nambala imeneyo Fanuwelo analimo. Panalibe njira yomuchotseramo.

Kenako Fanuwelo anapempha chinthu chimene oyendetsa ndege amapempha akafika pothera nzeru. Anapempha kuti adutse chapansi pafupi ndi nsanja, mlamu wake amuyang'anire kumimba kwa ndegeyo. Kagetsi kamatha kungopsa mwendo uli bwinobwino. Koma munthu sangadzione yekha kunsi, kaya ndi kaputeni.

Yotamu anatenga magalasi oonera patali n'kuima pazenera. Ndege inadutsa ikubangula, pafupi moti mazenera a nsanja ananjenjemera. Anaona tayala lakutsogolo lili m'malo mwake, lakumanja lili m'malo mwake. Mwendo wakumanzere unatuluka theka n'kuima chopendekeka, ngati mwendo wa mbuzi yothyoka. Anaonanso nkhope m'timazenera, zina zitakanikiza mphuno pagalasi.

Apanso pali lamulo lake. Wa m'nsanja anene zimene waona, osawonjezera, osachotsera. Asati musadandaule, asati zikhala bwino, chifukwa zimenezo sakuzidziwa. Yotamu anati mwendo wakutsogolo ndi wakumanja ikuoneka kuti yatsika, wakumanzere ukuoneka kuti waima panjira. Fanuwelo anabwereza mawu onsewo. Kenako anatchula katatu mawu aja a tsoka amene woyendetsa ndege aliyense amapemphera kuti asadzawatchule: meyidei, meyidei, meyidei.

Mawu amenewa akamveka, thambo lonse limakhala la munthu mmodzi. Yotamu anauza ndege zina zonse zitonthole pa wailesi. Imene inkafuna kunyamuka anaibweza. Ina imene inkabwera anaitumiza ku bwalo lina, ndipo woyendetsa wake sanawiringule ngakhale kunali kutali. Magalimoto ofiira a ozimitsa moto anatuluka n'kukandanda m'mbali mwa msewu woterapo. Palibe anafunsa kuti walakwitsa ndani, kaya ndi amakaniko kaya ndi woyendetsa. Zimenezo amafunsa mawa lake.

Fanuwelo anati azungulira kaye kuti mafuta achepe, popeza ndege yotera chokwawa itadzaza mafuta imayaka. Ndiye anazungulira. Yotamu ankaiona ngati kadontho kum'mwera, ikupita, ikubwera. Fanuwelo anayesa kutsitsa mwendowo popopa ndi dzanja, unakana. Anayesa kuigwedeza ndege mwamphamvu kuti mwina ugwa wokha, unakana. Anadutsanso pansanja kachiwiri, ndipo Yotamu ananena zomwe zija, poti zinali zomwe zija.

Nthawi yonseyi Yotamu sanakhale pansi. Malaya anamatirira kumsana. Ankaganiza za Lonesi, osati mwadala. Zinkangobwera: m'mene ankadzutsira mutu, m'mene anapepukira pomaliza moti ankamunyamula ndi dzanja limodzi. Mkwiyo wake sunachepe ngakhale pang'ono, musaganize kuti unachepa. Anangouika pambali ngati m'mene munthu amatulira katundu kuti agwire ntchito ndi manja onse.

Wosankha materedwe ndi woyendetsa, osati wa m'nsanja. Fanuwelo anati atera pa miyendo iwiri imene ilipoyo. Anati agunda pansi ndi tayala lakumanja, azimitsa injini, ndipo phiko lakumanzere aligwirira m'mwamba mpaka liwiro lithe. Likadzagwa msanga ndege ikuthamangabe, idzatembenuzika. Anapempha kuti ozimitsa moto akhale chakumanzere koma patali pang'ono. Anati apaulendo auzidwa kale zomanga malamba ndi kuweramitsa mitu. Yotamu anakonza zonse monga anapemphera, namuuza za mphepo, namuuza kuti msewu ndi wake yekha.

Ndege inakhota komaliza n'kulunjika pabwalo. Inali idakali patali, nyali zake zikuphethira mu utsi. Wailesi inatseguka. Sinatchule nambala ya ndege, ndipo sichinali Chingerezi.

"Alamu."

Nachisale anaika foni pansi. Yotamu anali asanamve mawu amenewo chitsitsireni Lonesi pakhomo pake.

"Alamu, ngati sizitheka pano... Za Lonesi zija. Ndimati ndinene..."

Mawu anathera pomwepo, chala cha Fanuwelo chitachoka pa batani. Wailesi ya ndege imalola munthu mmodzi kulankhula, winayo adikire. Tsono njira inali yotseguka. Yotamu akanangokhala chete, batani lija likanadinidwanso ndipo mawu aja akanatuluka. Akanawamva Nachisale, akanawamva oyendetsa ndege onse amene ankamvetsera mwakachetechete, akanajambulidwa pa makina a ofesi. Panalibe choti achite. Kunali kungodikira kupuma kumodzi.

Koma maso ake anali pa magalasi. Anaona ndege itatsika kuposa poyenera, ikusendera pambali pang'onopang'ono. Anayang'ana chida chake cha mphepo n'kupeza kuti yatembenuka, ikuwomba kuchokera kumanzere, mbali ya mwendo wodwala. Ndipo mawu amene anamva aja anawazindikira. Anawamvapo m'nyumba mwake. Ndi mawu a munthu amene wayamba kutsanzika, ndipo munthu wotsanzika manja ake amalefuka.

Yotamu anadina batani. Anatchula nambala ya ndege, nanena m'Chingerezi chouma cha ntchito kumene mphepo ikuchokera ndi mphamvu yake, nati ndege yatsika kwambiri ikwere pang'ono, nati yaloledwa kutera. Kenako anawonjezera m'chinenero chathu, mosakweza mawu.

"Za pansi tikamba pansi, alamu. Ndikukuonani. Bwerezani mphepo."

Nachisale anagwira pakamwa.

Kenako wailesi inatseguka, ndipo Fanuwelo anabwereza. Anabwereza mphepo, anabwereza kukwera pang'ono, anabwereza chilolezo, mawu ake akubwerera m'malo mwake limodzilimodzi mpaka anauma ngati kale. Ndege inadzuka pang'ono n'kuwongoka. Yotamu sananenenso kanthu, chifukwa munthu akatsala pang'ono kugunda pansi sumulankhulitsa.

Tayala lakumanja linakhudza phula, kautsi kanafuka. Injini zinazima. Ndege inathamanga itapendekera kumanja ngati munthu wosenza ndowa yodzaza dzanja limodzi, phiko lakumanzere lili m'mwamba, lili m'mwambabe, lili m'mwambabe. Yotamu anapezeka kuti nayenso wapendekeka, phewa lake litakwera mpaka kukhutu. Liwiro litachepa phiko linatsika n'kukhula pansi. Kunathetheka moto, kunamveka kukwekwesa kwa chitsulo mpaka m'nsanja. Ndege inakhotera kumanzere, inalowa m'maudzu, fumbi linakwera koboo, ndipo inaima. Ozimitsa moto anaifikira ndi thovu fumbi lisanakhazikike.

Chitseko chakumanja chinatseguka, anthu n'kuyamba kutuluka, ena opanda nsapato, mayi wina atakumbatira mwana pachifuwa, mkulu wina atakakamira chipewa. Womalizira kutuluka anali Fanuwelo. Anaima m'maudzumo manja ali m'chiuno, akuyang'ana phiko. Mkulu wa ozimitsa moto ananena pa wailesi kuti onse atuluka, wovulala ndi mmodzi yekha amene wabzungunyuka bondo podumpha. Apo m'pamene Yotamu anakhala pansi. Nachisale anamuthirira madzi m'kapu. Mayiyo anamugwirira kapuyo mpaka anamwa.

Chakumadzulo mabwana anakwera m'nsanja pamodzi ndi kaputeni wawo. Fanuwelo anali atasamba, atavala malaya ena, ojambula zithunzi akumudikira kunja. Anagwira chanza aliyense motsatana. Atafika pa Yotamu anagwiranso chanza. Yotamu sanalitaye msanga dzanjalo. Anamuyang'ana m'maso, poti tsopano anali pansi onse awiri. Fanuwelo anayang'ana pazenera n'kunena m'Chingerezi kuti ntchito yagwirika bwino. Anasolola dzanja lake, natsika masitepe ndi mabwana aja.

Kunyumba mkazi wa Yotamu anali atamva kale, Nachisale atamuimbira. Sanaseke tsiku limenelo. Anamuvula nsapato yekha, chinthu chimene anali asanachitepo, nakhala pambali pake pakhonde. Patapita nthawi anafunsa chifukwa chimene sanamusiyire Fanuwelo kuti anene, poti kunali kungodikira pang'ono.

"Akananena, inde," anatero Yotamu. "Koma mwina bwenzi pano anthu akupepesana pamakomo ambiri."

Mkaziyo anati mwina Fanuwelo abwera mawa, kapena Lamulungu, akakhazikika mtima. Yotamu anati mwina. Loweruka anasesa yekha pabwalo la nyumba, nauza mkazi wake asunge nkhuku imodzi. Lamulungu lonse anakhala pakhonde atavala malaya oyera, ndipo galimoto iliyonse ikadutsa ankasiya kulankhula. Nkhukuyo anadya okha.

Tsono inu amene mukumva. Aliyense pano ali ndi wake amene anamulakwira, ndipo mukumudziwa dzina. Tsiku lina munthuyo adzakhala m'mwamba mwendo utakana, ndipo mawu ake adzafikira kwa inu, osati kwa wina. Adzafewa tsiku limenelo. Chimene mwachidikira zaka zonsezi adzachitambasula m'manja. Musachitenge. Sali yekha m'ndegemo, kumbuyo kwake kuli anthu amene sanakulakwireni kanthu. Muuzeni zoona za mwendo wake, muuzeni kumene mphepo ikuchokera, mutsitseni. Ndipo ndisakunamizeni kuti akatera adzakumbukira. Ambiri sakumbuka.

Yotamu akugwirabe ntchito m'nsanja muja. Fanuwelo Mkwapatira anamukweza pantchito. Pepani uja sananene mpaka lero.